Mng'alu pa Khosi la Vavu

Uthenga wa chipinda unatsika masitepe ndi Anastazia, monga mauthenga onse a m'nyumba muja. A Overtone Kaphamtengo sankalankhulana maso ndi maso ndi mkamwini wawo. Iwo ankati ndi mwambo. Calvin, mkamwiniyo, ankati ndi liuma la nkhalamba, koma naye zinkamukomera, chifukwa nkhani yowawa ankangomusenzetsa mkazi wake.

"Adadi, amayi awo a Calvin akubwera kuchokera ku Chipata mu Malichi," anatero Anastazia ataima pa sitepe yomaliza, dzanja lili pamimba. Anali woyembekezera mwana wake woyamba. "Adzandithandiza chikuta. Ndiye chipinda chino..."

"Chipinda chino chatani?"

"Tikuganizabe."

"Akuganiza ndani? Iwe kapena amuna ako?"

Anastazia anayang'ana makina ochapira zovala amene anali pafupi ndi bedi la bambo ake. "Akuti nyumbayi ndi yaing'ono. Akuti m'chipinda muno muzikhala munthu amene akuthandiza."

A Overtone anamva bwino lomwe. Kuthandiza! Iwo anali atadziwa ukamwini weniweni ku Nathenje, kwawo kwa malemu akazi awo. Analimira apongozi mpaka zikhatho kuuma ngati chikopa, anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za njinga zamoto zimene ankakonza pa Biwi mu Lilongwe. Akazi awowo atangoikidwa m'manda, alamu awo anawauza mwaulemu wonse kuti mtengo umene unawabweretsa pamudzi wagwa, azipita kwawo. Kwawo kuti? Kumene anabadwira kunatsala manda ndi anthu osawadziwa. Anastazia, namwino pa chipatala china ku North York, ndiye anawatola n'kuwakweza ndege. Tsopano mkamwini wina, amene sanawagwirirepo khasu ngakhale tsiku limodzi, ankafuna kuwathamangitsanso. Munali mu Januwale wa 1997, mu Markham, dziko la azungu, ndipo kawindo ka chipinda chawo chapansicho kanali katakwiririka ndi sinoo, chipale chofewa cha nyengo yozizira.

M'galaja munali chinjinga choyenda pa sinoo, chimene eni dziko amati sinomobilu. Calvin anachigula chakale kuti azifanana ndi anzake a ku kampani ya makompyuta, amene Loweruka limenelo ankapita kukathamanga pamwamba pa nyanja ya Simcoe, madzi ake atauma gwa. Koma chinjingacho chinkadwala. Madzulo amenewo a Overtone anamva mawu a Calvin akutsika m'paipi yobweretsa mpweya wotentha.

"Istata bwino, manje ukaiponda maningi ingolira monga mbuzi, siithamanga. Nafonela shopu, akuti ali fulu mpaka Febuluwale. Nizayenda bwanji na ba bwana pa Satade?"

M'mawa a Overtone anatuma Anastazia. "Uwauze amuna ako kuti injini ya mtundu umenewo, yosakaniza petulo ndi oilo, ndaitsegula moyo wanga wonse."

Yankho linatsika asanamalize tiyi. "Akuti zikomo, koma musaigwire. Akuti si njinga ya alangizi a fodya."

Galimoto ziwiri zitangotuluka, a Overtone anavala chijasi cha mkamwini chomwecho n'kulowa m'galaja ndi masipanala awo a ku Biwi, okulunga m'chiguduli. Anatsegula chivundikiro. Masilinda awiri, mapulagi awiri, fungo la oilo wopsa. Mtima wawo unakhala pansi, zimenezi ankazidziwa. Koma pamwamba pa potulukira utsi, pa silinda iliyonse, panali kachibakuwa kakuda kokhala ndi kachitsekerero kofiira, chinthu chimene sanachionepo. Anamasula chimodzi mosamala, akuyala zonse pa nyuzipepala motsatana. Munali sipuling'i, pansi pake kathumba ka labala kofutukuka ngati mvukuto, ndipo kathumbako kanagwira ndodo ya kachitsulo kaphanthiphanthi kolowa m'mpata wopita mu silinda.

Anakhala pa chitini akuchiyang'ana mpaka nzeru yake anaigwira. Kachitsuloko ndi chitseko, vavu. Injini ikamayenda pang'onopang'ono chitsekocho chimatsika n'kuchepetsa khomo la utsi. Ikakwiya, utsi womwewo umafufumitsa kathumba ka labala, chitseko n'kukwera, khomo n'kukula, mphamvu n'kubwera. Ndiye ngati chitseko chakanirira pansi, chinjinga chizingolira osathamanga. Anaseka okha. Mkamwini wa madigiri wagonja ndi mwaye!

Vavu yoyamba inatuluka ataigwedeza pang'ono. Inali yokutidwa ndi phula lakuda la oilo ndi kaboni. Anaipala ndi kathabwa, anaitsuka ndi petulo wa makina otchetchera udzu, mpaka inayera n'kumatsetsereka yokha m'mpata mwake. Yachiwiri ndiyo inali mfiti. Anaikoka ndi pulayala, thukuta lili kamukamu m'galaja lozizira ngati mochare, ndipo itatuluka inali ngati chikhuni chopserera. Kaboni wake anali wouma ngati mwala. Kathabwa kanathyoka. Petulo sanachite kanthu. Dzuwa la kuno silichedwa, ndipo Anastazia ankaweruka masana.

Pa Biwi kaboni wotere sankalimbana naye. Ekizozi ya njinga ikatsekeka ankaiponya pamoto wa matayala ndi zikuni, ifiire, kenako kuimenya ndi sipanala, mwaye wonse n'kuyoyoka ngati phulusa la fodya. Anachita zimenezo kambirimbiri, ndipo palibe mlangizi amene anabwerako n'kudandaula. Kuseri kwa nyumba kunali mbaula ya gasi imene Calvin ankawotchera nyama nthawi yotentha. A Overtone anaikumba mu sinoo, anaiyatsa, n'kuika vavu ija pakati pa malawi.

Inafuka utsi wabuluu, kenako inayaka. Kaboni anayamba kuthetheka. Iwo anaisiya kuti ipse bwino, akuotha manja. Ataona kuti yakwana anaigwira ndi pulayala, n'kuiviika mu sinoo kuti izizire msanga. Inalira kuti tswee, nthunzi n'kukwera. Mwaye unagwa wonse, inde. Koma ataibweretsa m'galaja kuti ailowetse, inangolowa mutu wokha n'kuima.

Anaitembenuza. Inakana. Anaiika pa galasi la windo lakale limene linali pakona, ndipo inagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi. Apa m'pamene anaimva kupepuka kwake m'dzanja. Sichinali chitsulo cha ekizozi ayi. Inali aluminiyamu, ngati ya mapoto. Anali ataphika katundu wa mkamwini ngati mbatata.

Anabisa vavuyo m'thumba la chijasi, anatseka chivundikiro cha injini, n'kutsikira kuchipinda kwawo. Chakudya chamadzulo anati mutu ukuwawawa.

Lachisanu, nyumba itangoti zii, anayala sandipepa pa galasi lija n'kuyamba kukhula. Anakhula mbali iyi, anakhula inayo, akuyesa, akukhulanso. Zala zinachita dzanzi. Pamene inavomera kulowa inali itaonda, ndipo khungu lake lolimba lotuwa linali litatha. Mtima sunawakhale. Anakumbukira shopu ina ya zinjinga zoterezi imene ankaiona pawindo la basi popita ku tchalitchi ku Scarborough. Anakulunga vavu mu mpango, n'kukaima pa siteji mphepo ikuwacheka makutu.

Pa kauntala panali mzungu wandevu, wamimba, akudya sangweji. Anatenga vavuyo, anainunkhiza, n'kuitana mnzake wa kuseri m'Chingerezi kuti adzaone.

"Waphika ichi ndani? Munathirako mchere?"

"Mwana," ananama a Overtone ndi Chingerezi chawo cha sitandade foro. "Mwana wosamva. Ndikufuna yatsopano."

"Za injini yakale ngati imeneyi sitisunga. Tiitanitse ku Quebec, ifika sabata yamawa mwina." Mzunguyo anaika sangweji pansi n'kuloza ndi chikhadabo pakhosi pa vavu, pamene ndodo imakumana ndi chitseko. "Koma iyi musabwezeremo, bwana wanga. Mukuona apa? Yang'aluka. Ikaduka, chitsekochi chigwera pa pisitoni injini ili pa liwiro. Zonse zimaphwanyika nthawi yomweyo. Ndiye ukhale uli pakati pa nyanja, mphepo ikuomba, anzako atapita kutsogolo osacheuka. Chaka chilichonse timamva za wina."

A Overtone analanda vavu yawo. Wamalonda ndi wamalonda, kaya pa Biwi kaya pa Markham. Amaona mng'alu paliponse pamene pali thumba la munthu. Anatuluka osatsanzika. Koma m'basi, atakhala kumbuyo, anavala magalasi awo n'kuipendeketsa pa kuwala kwa windo. Unalipo. Kamzere kopyapyala ngati tsitsi la khanda, kodutsa theka la khosi.

Anafika kunyumba mutu ukuzungulira. Akasiya chinjinga chili chomasula, mkamwini adziwa kuti anachigwira n'kuchiwononga. Tikiti ya ndege ndiye yagulidwa kale pamenepo. Akabwezeramo, mwina chiyenda. Zinthu zong'aluka zimayenda. Pa Biwi njinga zinkafika ku Mchinji ndi mafelemu omanga ndi waya. Anapaka vavu oilo, anailowetsa, anamanga kathumba ka labala, sipuling'i, kachibakuwa. Tizitsekerero tofiira anatisiya pamene anatipeza, molingana ndi mlomo wa chibakuwa. Anakweza kumbuyo kwa chinjinga pa chipika kuti lamba wake azizungulira m'malere, n'kukoka chingwe.

Calvin anafika utsi uli tolo m'galaja. Anatuluka m'galimoto osatseka chitseko, nkhope itasintha, koma asanatsegule pakamwa a Overtone anafinya mafuta. Injini inabangula, kenako mawu ake anasintha, anakwera, anathwa ngati macheka a pa sawmili. Calvin anaima chilili. Kenako anachotsa chipika, anakwera ndi suti yake ya ku ofesi yomweyo, n'kutulukira kumunda wa chimanga wa kuseri kwa nyumba, umene unali mbee ndi sinoo. Anabwerako nsidze zitayera, mano onse pamtunda.

"Ba tate!" Anawagwira dzanja ndi manja awiri, akuwayang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire mwana wawo. "Ba tate, mwaichita bwanji? Yauluka! Yanichosa misozi!"

A Overtone anayang'ana pansi. "Unali mwaye chabe."

"Mwaye chabe! Anastazia, bwera umve! Ba shopu anafuna niyembekeze mwezi, kansi dokota ali mu besimenti mwanga!"

Tsiku limenelo anadya pa tebulo limodzi, mwambo kapena ayi. Calvin anawaikira yekha ntchafu ya nkhuku.

"Ku ofesi aliyense ali na sinomobilu, na onse alira na ma shopu," anatero akutafuna. "Nizabauza mailo. Galaja ija ni yanu, ba tate, muziikonzeramo. Amama azagona mu rumu ya mwana kumwamba, nanga si ndiye nchito yawo? Imwe simuyenda kulikonse."

Anastazia anatulutsa mpweya wautali, maso ali ndi misozi. "Mwamva, adadi?"

"Ndamva," anatero a Overtone. Anafunafuna msampha m'mawu a mkamwini, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaupeze. Chimene ankachifuna chinali m'manja mwawo. Ntchafu ya nkhuku ija anaikankhira m'mphepete mwa mbale.

"Koma inu mawa musakapenge," Anastazia anauza mwamuna wake. "Mukafika pati?"

"Tiwoloka nyanja yonse, mpaka tsidya. Ba bwana akuti wothera kumbuyo agula mowa. Ine sinigula mowa wa munthu."

"Uwauze amuna ako ayende pang'onopang'ono," anatero a Overtone, maso ali m'mbale yawo. "Injini yongokonza kumene imafuna ulemu."

Calvin anaseka mpaka kutsamwa. "Ulemu! Ba tate, mwaipasa mapiko, manje mufuna iziyenda monga bulu?"

Kutacha, anthu a kumwamba asanadzuke, a Overtone anali kale m'galaja. Anayamba ndi kachitsekerero kofiira ka silinda yodwalayo. Anakamanga mpaka pansi kuti sipuling'i ilimbe, vavu isamakwere msanga. Anaima n'kuganiza. Ayi. Calvin akafinya mafuta mpaka kumapeto ikwerabe, ndipo ngakhale isakwere, kunjenjemera kwa injini kokha kukwanira. Anakabwezera pamene kanali. Anaganiza zochotsa waya wa pulagi kuti chinjinga chikane kudzuka. Koma mkamwini angoitana dokotala wake wa m'besimenti, ndipo dokotalayo anena chiyani? Anaganiza zongokhala chete. Mzungu uja anati mwina, kapena sanatero? Anthu angati amabwerako bwinobwino? Ndipo chikachitika, adzadziwa ndani? Pisitoni ikaphwanya zonse, mng'alu ndi moto wa mbaula sizidzaonekanso. Anadziona atakhala m'galaja lawo, azungu ali pamzere ndi zinjinga zawo. Kenako anaona Anastazia ali pa foni, dzanja lili pamimba, kunja kukuda.

Anamasulanso kachibakuwa. Anasolola vavu. Usiku umodzi ndi ulendo umodzi wa m'munda, kamzere kaja kanali katada ndi oilo, ndipo kanaoneka kuti katalika. Kapena anali maso awo okalamba? Anapangana ndi mtima wawo. Aipinda ndi zala, pang'ono pokha, mphamvu ya nkhalamba. Ikapirira, ndiye kuti ipiriranso nyanja, aibwezeramo ndipo nkhani yatha. Anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere, chitseko ndi lamanja.

"Ambuye, mukudziwa kuti ndilibe kolowera," ananong'ona.

Sinalire n'komwe. Inangolekana ngati bisiketi yonyowa.

Anali chikhalire pa chitini, chidutswa m'dzanja ili, china m'dzanja ilo, pamene chitseko chachikulu cha galaja chinakwera. Calvin anali atavala zovala zake zatsopano za pa sinoo, chipewa cholimba chili m'khwapa. Panja panali galimoto ya mnzake wa ku ofesi, ikukoka ngolo yonyamulira zinjinga, injini ili chilirire.

Calvin anayang'ana chivundikiro chotsegula, anayang'ana manja a apongozi ake.

"N'chani ichi?"

"Vavu."

"Niona kuti ni vavu. Mwaithyola?"

"Inali yong'aluka. Ndinaiwotcha pa mbaula yanu Lachinayi kuti mwaye uchoke, ndiye inapsa. Ikanakutayani pakati pa nyanja."

"Pa mbaula." Calvin analankhula motsitsa. "Mwaika injini yanga pa braai. Dzulo munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Munadziwa, na ine n'kukwera, kuthamanga mu munda monga chipuba, imwe muli phee kutamba? Munadziwa pamene tinali kudya?"

Kunja hutala inalira. A Overtone anafuna kunena kuti akanatha kukhala chete lero lomwe, kuti munthu wina aliyense wa nzeru zake akanakhala chete. Anakweza zidutswa zija kuti mkamwini aone yekha mkati mwa khosi, mmene theka linadera ndi oilo. Calvin sanaziyang'ane.

"Ninakamba kuti musaigwire," anatero. "Chinthu chimodzi chabe ninapempha mu nyumba yanga."

Anatuluka. A Overtone anamumva akuseka chiseko chouma ndi mnzake uja, akufotokoza m'Chingerezi kuti chinjinga chadwalanso, akwera kumbuyo kwa wina ngati katundu. Galimoto inanyamuka ngolo ili ndi malo amodzi opanda kanthu.

Anastazia anali ataima pa khomo lochokera kukhitchini, atafunda gauni. Anali atamva zonse.

"Yatsopano ndikaitanitsa ku Quebec, ibwera sabata yamawa," anatero a Overtone mofulumira. "Ndikaiika ndekha. Inayo ndinaitsuka bwino, ukhoza kuiona, ikutsetsereka ngati sopo. Uwauze amuna ako. Uwauze kuti ndikanafuna ndikanangokhala duu, iwo n'kupita. Ukuwauza, eti? Iwe amakumvera."

"Adadi, dzulo anakwera muli pomwepo."

"M'munda! M'munda munthu amabwerako wapansi!"

"Anali atavala suti, adadi. Ndi nsapato za ku ofesi."

Sanawakalipire. Anangobwerera m'nyumba, akuyenda mokoka miyendo. A Overtone anatsala akulumikiza zidutswa zija, kuzikanikiza pamodzi, ngati kuti zikagwirizana bwino zigwirana. Anasanthula mashelefu a mkamwini kufuna guluu wa zitsulo. Anamupeza, anawerenga chubu chake movutikira, n'kuchibwezera. Guluu pa moto wa ekizozi! Ngakhale pa Biwi akanawaseka.

Calvin anabwera madzulo, wamoyo, akununkha mowa umene anagula yekha. Kumwamba analankhulana nthawi yaitali, koma motsitsa, ndipo paipi ya mpweya sinabweretse kanthu. Lamulungu palibe amene anawaitana kupita ku tchalitchi.

Lolemba m'mawa anamva chinthu chikugunda masitepe, sitepe ndi sitepe. Anali Anastazia, atavala yunifolomu, akukoka sutikesi yaikulu yabuluu yopanda kanthu. Anaiimika pafupi ndi bedi.

"Ija munabwera nayo zipi yake inafa," anatero osawayang'ana. "Iyi ndi yolimba. Simukunyamuka lero ayi, mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ndalankhula ndi a Tobias, msuweni wanu wa ku Kawale. Akuti kuseri kwawo kuli kachipinda, angochotsamo makala."

"Tobias ndi chidakwa."

"Ndi amene wavomera, adadi."

Anakwera masitepe, akupumira pa sitepe iliyonse. A Overtone anakhala pabedi mpaka galimoto zonse ziwiri zitatuluka. Kenako anagwada, anatsegula sutikesiyo, n'kuyamba kuyeza ndi chikhatho ngati sipanala yawo yaitali ingakwanemo chopingasa.